Khadi Lakale la Lameki

Magetsi amenewa sabwera msanga, musatope n'kuyang'ana babu. Sendezani mipando kufupi ndi mbaulayi, tsitsi lanulo tilimaliza akayaka. Paja mwandifunsa chifukwa chake nyumba yakuseriyo imangokhala zii masiku ano, pamene kale phokoso la mpira linkamveka mpaka muno mu saluni. Ndikuuzani, koma wina asadzayerekeze kukamufunsa mwini wake, ndidzamumeta mpala ali m'tulo.

Yotamu amene amakhala m'nyumbamo ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga a ku Thyolo. Amagwira ntchito ku bekale konkuno ku Bangwe, amapita kukada n'kubwera m'mawa atayera ndi ufa. Anali ndi mng'ono wake, Lameki. Ameneyo anali ndi manja oyabwa. Wailesi, ayironi, foni, chilichonse ankafuna aone m'kati mwake, ndipo zowumitsira tsitsi zanga anaziphwasulapo kangapo ine ndisanamupemphe.

Phokoso la mpira lija linkachokera m'kompyuta imene Lameki anaitola pa okushoni ya ofesi ina imene inkatsekedwa. Chinali chibokosi chotuwa, cholemera, chongodziwa kulemba makalata basi. Iye anachitsegula pamimba n'kuikamo chipangizo china chimene eni ake amati galafikisi khadi. Ndi kabolodi kobiriwira kokhala ndi kafani kake, ndipo ndi kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini. Popanda khadi limenelo gemu ya mpira siyenda. Nalonso linali la kaunjika, fani yake yogwedera, moti anachita kuimanga ndi ulusi wanga wolukira tsitsi. Ikamazungulira inkalira kuti kwerr, kwerr, kumveka mpaka kumpopi.

Dzuwa likapendeka, Yotamu asananyamuke kupita ku ntchito, awiriwa ankakhala pansi, wamkulu pampando wansungwi, wamng'ono pasitulu, aliyense padi yake yoseweretsera gemu m'manja. Ndiye kukuwa kwakeko mukanati m'nyumbamo muli anthu odzaza lole. Lameki anali ndi khalidwe loipa lotenga goloboyi wake n'kumayenda naye bwalo lonse, kudyetsa anthu njomba mpaka kukagoletsa. Yotamu ankalusa nazo, amvekere ndi chipongwe. Mawa lake n'kukhalanso pansi.

Kenako Lameki anapita ku Joni kukafuna ganyu. Sanatheko chaka, chibayo chinamutenga m'nyengo yozizira. Thupi linabwera pamsewu, ndipo amene anakalichingamira pa Mwanza anali Yotamu. Mukudziwa kuti munthu akamwalirira kutali sitimangomunyamula ngati thumba la chimanga, timayenda tikumuuza njira kuti mzimu wake usatsalire m'malunje. Yotamu anakhala kumbuyo kwa galimoto, dzanja pabokosi, akulankhula njira yonse. "Lameki, walowa kwanu tsopano. Pano pa Zalewa, tikuwoloka Shire, usaope. Pano pa Lunzu." Mpaka kumudzi, mawu atasasa.

Titabwerako kumaliro, msuweni wangayo anafota tikumuona. Munthu wopanga buledi, koma buluku linayamba kumuvuka. Ndikamuseka ankangondiyang'ana, ndipo ine zinkandipweteka, chifukwa msuweni wosakubwezera chipongwe ndiye kuti zafika posauzana. Kompyuta anaifunditsa chitenje.

Tsiku lina chisisira chikugwa, ndikusesa tsitsi muno, ndinamva kwerr, kwerr. Ndinaima. Kenako ndinamva Yotamu akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Ndinataya tsache n'kupita kukasuzumira.

"Amuna anga," ndinatero, "mwayamba kuseka nokha? Tikagule zingwe?"

"Lowa, Feliya," anandiyankha osacheuka. "Koma usakhale pasitulupo, pali munthu."

Pasitulu panali padi yokha, chingwe chake chili lende. Ndinayang'ana pa sikirini. Matimu onse awiri ankathamanga. Ndinati mwina ndi kompyuta ikudziseweretsa yokha, paja imatero munthu akasowa mnzake. Ndiye ndinaona goloboyi wa timu inayo akutuluka pagolo ndi mpira, kudutsa uyu, kudutsa uyo, mpaka kukauponya muukonde. Situlu inalira pang'ono ngati munthu wadzikonza pokhala.

"Chipongwe sunasiye, mphwanga," anatero Yotamu, misozi ikutsika koma mano ali panja.

Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, ndipo tsiku limenelo ndinagona Baibulo lili kumutu. M'mawa ndinaganiza zoimbira azakhali, ndinaganizanso za abusa. Koma nditaona Yotamu akubwera ku ntchito akuimba mluzu, n'kundifunsa ngati mbatata yatsalako, ndinabweza foni m'thumba. Mizimu ina imabwera ndi matenda, ina kudzalanda ana. Uyu ankangobwera kudzasewera mpira ndi mkulu wake dzuwa likamalowa, ndiye ine ndikanamuneneza kuti walakwa chiyani?

Tinazolowera. Galu wathu Mwatani, amene chimwalirire Lameki sankalowa m'nyumbamo, anayamba kukagona pansi pa situlu, mchira ukugunda pansi. Nthawi zina ukadutsa pakhomo unkamva fungo la mafuta amene malemuyo ankadzola. Tsiku lina ulusi wanga wakuda unasowa pashelefu apa, ndinakalipira atsikana anga onse kuti ndi akuba. Ndinakaupeza pamwamba pa kompyuta. Yotamu atatsegula bokosi lija, tinapeza fani yamangidwa mwatsopano, mfundo yake yokhotera kumanzere monga amamangira munthu wamanzere. Pabanja ponse wamanzere anali mmodzi, Lameki. Ulusiwo ndinausiya pomwepo.

Miyezi inapita choncho, Yotamu mpaka ananona. Koma khadi lija linali lokalamba. Zithunzi zinayamba kudukizadukiza, osewera kumayenda ngati akutsimphina, nthawi zina mpira kuima m'malere kenako n'kupezeka uli kale kwina. Anzake a ku bekale nawo anamuonetsa gemu yatsopano pafoni, yooneka ngati mpira weniweni wa pa TV. Anaibweretsa pa fulashi, koma kompyuta inakana kuitsegula.

"Mphwanga ankakonda zinthu zabwino," anandiuza tsiku lina atakhala pakhonde. "Gemu imeneyi wapita osaiona. Ndikufuna ndimugulire khadi latsopano."

"Uli ndi chuma, mwamuna wanga. Ine chitenje chokha unalephera."

"Usalankhule mokweza," anatero akuyang'ana kuchitseko. "Ndikufuna adzangoona zasintha."

Ndinaseka, chifukwa zinandikomera m'khutu. Munthu kubisira mphatso m'bale wake amene anamwalira, chikondi choposa pamenepo n'chiti? Palibe chimene chinandigunda mumtima.

Anasankha m'mawa, nthawi imene Lameki sankabwera. Anazula mawaya onse, anagoneka bokosi patebulo, anamasula zomangira ndi sikuludiraiva, n'kukankha kachotsekera kamene kamagwira khadi. Akuti linavuta kutuluka, anachita kuligwedeza uku ndi uku. Mwatani anadzuka pansi pa situlu n'kuyamba kulira chapansipansi, ndipo Yotamu anamuthamangitsira panja. Khadi analiika m'jumbo n'kukwera minibasi ya ku Limbe.

Ku Limbe kuli bambo wina wokonza makompyuta, Che Jafali, kashopu kake kali pafupi ndi depoti. Anagwirizana zosinthana, Yotamu kusiya lakale n'kuwonjezerapo kenakake. Khadi limene anabwera nalo linali chinthu chachikulu, chakuda, cha mafani awiri. M'bokosi linakana kulowa, mpaka anadula kachitsulo kena ndi sowo. Kenako zinapezeka kuti limadya magetsi ambiri, ndiye anabwereranso ku Limbe kukatenga pawa sapulayi ina, kabokosi kogawa magetsi, yokhala ndi waya wake wapadera. Tsiku lonse linathera pomwepo, osagona, zala zili mabala okhaokha.

Dzuwa likulowa anandiitana. Anzanga, zinali zokongola. Udzu wa pabwalo unkaoneka umodziumodzi, thukuta pankhope za osewera, mbendera zikuuluka. Mafani aja sankamveka n'komwe. Yotamu anapukuta situlu ndi malaya ake, anaikapo padi bwinobwino, n'kukhala pampando wake akumwetulira.

"Taona, mphwanga," anatero. "Sankha timu."

Palibe chinayenda. Anasankha yekha matimu onse awiri, oyimbira analiza wezulo, koma osewera a timu inayo anangoima njo pamalo awo. Yotamu anati mwina akuchita manyazi ndi zachilendozi. Anadikira mpaka nthawi ya ntchito inakwana. Mawa lake chimodzimodzi. Anabwezeretsa gemu yakale, anasintha mapadi, anasunthira situlu pamene inali kale. Mwatani sanalowenso m'nyumbamo. Ankakhala pageti kuyang'ana kumsewu, chisisira chikamagwa n'kuyamba kuuwa mokoka.

Yotamu ankati mphwake wakwiya. Ine ndinkati mwina wapumula tsopano, nthawi yake yakwana. Tonse awiri tinkaphonya.

Patapita masabata angapo, kunabwera mayi wina kudzalukitsa, wogulitsa nthochi pa depoti ya Limbe. Mukudziwa pampando uwu anthu amalankhula zonse. Ndili pakati pomuluka, anayamba kudandaula kuti malo ake ogulitsira awalodza.

"Pali mnyamata wina," anatero, "amabwera dzuwa likamalowa. Wowonda, wavala chijekete chachikulu ngati aja ochokera ku Joni. Amaima pambali panga n'kunena kuti, 'Mayi, njira ya ku Bangwe ndi iti?' Ndimamulozera minibasi, zili poteropo, makondakitala akukuwa Bangwe, Bangwe. Amathokoza mwaulemu. Ndikawerama kupatsa kasitomala nthochi, ndikadzuka palibe. Mawa wabweranso, funso lomwelo."

"Ndi wamisala ameneyo," ndinatero, koma zala zanga zinali zitaima.

"Wamisala savala mwaukhondo choncho. Ndiye nthochi za mbali imene amaimayo zimada pofika m'mawa. Komanso amayenda ndi kaphokoso, kaya ndi foni yowonongeka m'thumba, kaya n'chiyani. Kamangoti kwerr, kwerr."

Ndinamufunsa pamene amakhala. Anati pakhonde la shopu ya makompyuta, kwa Che Jafali. Ndinasiyira mtsikana wanga mutu uja n'kupita kuseri. Yotamu ndinamupeza atakhala kutsogolo kwa zithunzi zake zokongolazo, padi ili pamwendo. Ndinamufotokozera zonse za mayi wa nthochi, kenako ndinamufunsa.

"Yotamu, tsiku lija pochotsa khadi, unamuuza?"

"Kumuuza chiyani?"

"Kuti ukumusamutsa. Kuti mukupita kwakuti, mudutsa pakuti."

Anachotsa padi pamwendo n'kuiika patebulo. Munthu amene analankhula ndi bokosi kuchokera pa Mwanza mpaka ku Thyolo sankafunika kumufotokozera zambiri.

"Ndinkayesa amakhala pasitulu," anatero motsitsa. "Ndinamuika m'jumbo, Feliya. Ndinamusiya kwa anthu osawadziwa, osanena ngakhale liwu limodzi."

Ku ntchito sanapite. M'mawa tinakwera minibasi yoyamba. Che Jafali atationa anasiya chimene ankakonza n'kuimirira.

"Achimwene, mwachita bwino kubwera," anatero. "Chinthu chanu chija chandisowetsa mtendere. Ndinachiika m'kompyuta yoyesera. Ndikamatseka madzulo, ndazimitsa zonse, ndimamva yayaka yokha. Ndikatseka chitseko, chogwirira chimagwedezeka cham'kati ngati wina akufuna kutuluka. Mlonda wa pano anasiya ntchito."

"Lili kuti?" anafunsa Yotamu.

Bambo aja anayang'ana pansi. Anati poyamba ankayesa ndi vuto la mawaya, ndiye analiwotcha ndi makina a mpweya wotentha kuti zolumikizira zigwirane. Zitapitirira analiwotchanso, anadula ulusi uja, kenako analitaya m'katoni ya zakutha kuseri kwa shopu. Kumeneko mvula inalipeza. Anakalitenga atakulunga dzanja m'kansalu. Linali litapindika pang'ono, dzimbiri lili m'mbali.

"Ndisakunamizeni," anatero Che Jafali. "Mukanalisiya m'mene linalili, likanatsimphina choncho zaka ndithu. Pano latheratu. Likayaka, silikhalitsa. Mwina gemu imodzi, mwina osafika. Tengani, sindikufuna kanthu."

Ndinavula chitenje changa, Yotamu n'kulikulungamo. Tisanachoke pakhonde paja anawerama, pakamwa pafupi ndi chitenjecho.

"Lameki, ndine achimwene ako. Ndabwera kudzakutenga. Tiye kunyumba."

Mu minibasi anachiika pamwendo, manja onse awiri atachigwira. "Tikutuluka m'depoti. Tikudutsa njanji, usaope." Anyamata ena kumbuyo anayamba kuseka, wina amvekere akuluwa asuta wamkulu fodya m'mawa uno. Yotamu sanawamve. "Pano pa Namiyango, watsala pang'ono." Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nafe anachotsa mpango paphewa n'kufunda kumutu. Kondakitala anayang'ana mayiyo, anayang'ana chitenje, kenako anauza dalaivala kuti azimitse wailesi. Kuchokera pamenepo m'galimoto monse munangomveka mawu a Yotamu okha. Ine phewa langa la mbali ya chitenjecho linazizira mpaka kuchita dzanzi.

Titafika pageti, Mwatani anatithamangira, koma sanalumphire ine kapena Yotamu. Anazungulirazungulira pakati pathu, pamene panalibe munthu.

"Tafika, mphwanga," anatero Yotamu potsegula chitseko. "Lowa."

Anazula khadi latsopano lija n'kuliponya pabedi. Lakale analipukuta dzimbiri ndi mswachi, kulankhula nalo pa chilichonse chimene ankachita. "Ndikukubwezera pamalo pako. Ndikukanikiza pang'ono." Linalowa n'kumveka kuti kha. Fani tinaimanga ndi ulusi, ine kugwira, iye kumanga. Sanayerekeze kuyatsa kuti ayese, poopa kudya nthawi yochepa imene inatsalayo. Tinakhala pansi kudikira kuti dzuwa lipendeke, osadya.

Chisisira chitayamba, anadina batani. Fani inagwedezeka, inaima, kenako inayamba kulira mwa kale. Sikirini inayaka, koma zithunzi zinali ndi mizere yobiriwira, nkhope za osewera zosaoneka bwino. Yotamu anatsegula gemu yakale n'kusankha timu yake. Tinayang'ana mbali inayo. Kachizindikiro kanasuntha kokha, kanadutsa matimu angapo, kanaima. Situlu inalira.

Oyimbira analiza wezulo. Wosewera wa Lameki anatenga mpira pakati pa bwalo, anayenda nawo pang'onopang'ono, n'kuugubuduzira pamapazi a wosewera wa Yotamu. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima, kudikira.

Apo m'pamene msuweni wanga anasweka mtima. Padi inamupulumuka n'kugwa pansi. Anatsika pampando, anagwada kutsogolo kwa situlu ija, n'kuyamba kulira ngati tsiku la maliro.

"Pepa, mphwanga. Ndinkafuna ndikusangalatse. Sindinadziwe. Wagona panja masiku onsewa, mvula ikukunyowetsa, ukufunsa njira kwa anthu achilendo, ine ndili phee m'nyumba. Ndikhululukire."

Pa sikirini wosewera uja anabwera, anatenga mpira, anazungulira nawo, n'kudzaugubuduziranso pamapazi pomwe paja. Ine ndinayamba kumva fungo la pulasitiki yopsa.

"Yotamu," ndinatero, "sakufuna zimenezo. Tola padi."

Sanandimve. Ankangonena za jumbo, za katoni, za amayi awo, kuti adzawauza chiyani. Mizere ija inachuluka, bwalo linayamba kusanduka lofiirira. Fani inkalira modukiza. Wosewera uja anatenganso mpira kachitatu, akuyenda movutika tsopano, kuima, kuyenda, kuima, mpaka anaufikitsa. Padi ya pasitulu inanjenjemera yokha, pafupi ndi nkhope ya Yotamu.

Ndinamugwira kolala n'kumugwedeza. "Sewera naye, iwe! Nthawi ikutha!"

Anadzutsa mutu, anayang'ana sikirini, ndipo ndinaona kuti wamva. Anapukuta maso ndi mkono n'kuyamba kufufuza padi yake pansi. Inali itagubudukira kunsi kwa tebulo. Akuitulutsa, m'bokosi munamveka kuti phu, kautsi kanatuluka kumbuyo, ndipo sikirini inada. Mwatani anatuluka pansi pa situlu, ananunkhiza pamwamba pake, n'kupita panja mwakachetechete.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, anzanga. Mwana uja anasochera masabata onse aja, anafika kwawo movutikira, ndipo analibe mlandu ndi munthu. Ankangofuna gemu imodzi ndi mkulu wake.

Yotamu anabwerera pampando wake ndi padi ija m'manja. Ndinamusiya mdima utagwa, akuyang'ana sikirini yakuda, chala chikudinabe batani lopatsira mpira.